Chamba kuseri kwa nyumba ya lendi: ndikanene kapena ndingozula?

Mayi_wa_ku_Chiputula
Abale anga a pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Chiputula, mumakhala mnyamata wina wa kabaza wa njinga yamoto. Mwana waulemu, lendi salumphitsa. Dzulo ndinapita kukathyola nkhwani m'kadimba ka kuseriko, ndangoona pakati pa chimanga pali mitengo ya chamba, ina yafika kale m'chiuno. Nditamufunsa sanakane. Akuti, "Mama, chamba anavomereza kalekale ku Nyumba ya Malamulo, kodi wailesi simumvera?" Tsono ine mutu wazungulira. Ngati anavomereza, bwanji tsiku ndi tsiku timamva kuti wina amunjata nacho? Nanga apolisi atatulukira, atenga iyeyo kapena ine mwini poloti?

Kabaza_Zigwagwa
Zulani usiku uno mama. Mafunso mawa.

Chibavi_Boy
Nkhwani wa m'munda umenewo musadyetse ana kkkkk

Kalaliki_wa_Maloya
Mayi, mnyamata wanuyo nkhani waigwira kumchira. Ine si loya, ndimangogwira ntchito ya ukalaliki mu ofesi ya maloya m'tauni muno, koma mafayilo a milandu ya chamba amadutsa m'manja mwanga.

Mu Febuluwale 2020 aphungu anavomerezadi lamulo lotchedwa Cannabis Regulation Act. Limalola kulima chamba chopangira mankhwala ndi chamba cha m'mafakitale, chija amapangira zingwe, nsalu, mafuta ndi zina. Koma kuti ulime uyenera kukhala ndi laisensi yochokera ku Cannabis Regulatory Authority. Kusuta sanavomereze ngakhale pang'ono. Lamulo lakale la Dangerous Drugs Act likadalipo, ndipo ndi limene apolisi amagwiritsa ntchito akakupeza ndi timabola m'thumba. Lamulo latsopanolonso lili ndi mano ake: wolima wopanda chilolezo chilango chake chitha kufika K50 miliyoni ndi zaka 25 kundende.

Za kuti atenga ndani, apolisi akafika pakhomo sayamba n'kufunsa kuti anafesa ndani. Amafunsa kuti poloti ndi ya ndani. Mudzazifotokoza ndithu, mwina adzakumvani, koma mudzakhala mukufotokozera kupolisi, osati pakhonde panu.

Mayi_wa_ku_Chiputula
Zaka 25! Ambuye wanga. Ine ndi BP yangayi.

Kalaliki_wa_Maloya
Zimenezo ndi za pamwamba penipeni mayi, khoti siligamula chonchi pa mitengo ya m'kadimba. Koma ngakhale usiku umodzi m'chitokosi ndi kuzizira kwa Mzuzu kuno simungaufune.

Ras_Kaning'ina
Moni kwa onse m'dzina la Jah. Mayi, mwanayo musakamupereke. Wakuberani chiyani? Wamenya ndani? Wadzala mbewu m'nthaka, mvula yagwa, mbewu yamera. Kampani yokhala ndi mpanda wa waya ndi alonda ikadzala mbewu yomweyo, nduna imapita kukadula riboni. Mwana wa mphawi akadzala isanu pakati pa chimanga, akuti chigawenga. Lamulo lotani lomwe limayang'ana m'thumba lisanayang'ane m'munda?

Mvano_Katawa
A Ras, inu mwana muli naye? Ndikufunsa chifukwa anthu amene amatamanda fodya ameneyu nthawi zambiri sanayendepo usiku kufunafuna mwana wawo m'makwalala a ku Masasa.

Ras_Kaning'ina
Ndili nawo atatu mama, onse ali pasukulu.

Mvano_Katawa
Thokozani Mulungu. Wanga wachiwiri anali mwana wanzeru, mayeso a Fomu 2 anakhoza bwino kwambiri. Atalowa Fomu 3 anayamba kuyenda ndi anyamata ena a kumsika. Poyamba tinangoona kuti akudya kwambiri, maso ofiira, kusamba ayi. Bambo ake amati ndi unyamata. Kenaka anayamba kuyankhula yekha, kunena kuti wailesi ikumunena, kukana nsima yanga akuti ndathiramo mankhwala. Ine mayi ake womubala. Tsiku lina anaphwanya mawindo onse a nyumba. Tinamumanga ndi chitenje kupita naye ku chipatala cha matenda a maganizo cha St John of God. Anthu aja Mulungu awadalitse, anamuthandiza, lero ali bwinoko, amamwa mankhwala ndipo amathandiza amalume ake pa shopu. Koma sukulu inathera pomwepo.

Ndiye ndikamamva aphungu akuwomba m'manja kuti chamba ndi golide wa Malawi, ine ndimalira. Golide ameneyo wandidyera mwana. Mayi a ku Chiputula, musanyengerere. Lero ndi mitengo isanu, mawa ana a sukulu ayamba kugogoda pageti panu.

Chibavi_Boy
Pepani mama. Nthabwala ija ndaibweza.

Namwino_wa_Usiku
Pepani kwambiri a Mvano. Zimene mwafotokozazo timaziona kuchipatala. Ndiyankhule monga wa zaumoyo, mbali zonse zisandikwiyire.

Muchamba muli zinthu zambiri, koma ziwiri ndi zomwe zimatchuka. THC ndi imene imaledzeretsa. CBD siledzeretsa, ndipo ndi imene mayiko ena amapangira mankhwala a mitundu ina ya khunyu yovuta mwa ana. Chamba cha m'mafakitale chija THC yake ndi yochepa kwambiri, ungasute mtolo wonse ungopweteka mutu. Chathu chino cha ku Nkhotakota ndi kumapiri a ku Mzimba chinatchuka kunja chifukwa ndi chaukali.

Si aliyense wosuta amene amadwala misala, a Ras akunena zoona pamenepo ngakhale sananene. Koma woyamba ali wamng'ono, wosuta tsiku ndi tsiku, komanso amene kubanja kwawo kuli kale matenda a maganizo, chiopsezo chake ndi chachikulu. Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 20. Mwana wa Fomu 3 ndiye ali pakati penipeni pa ngozi.

Chomwe chimandipweteka ine ndi china. Makolo ambiri amabwera mochedwa chifukwa cha mantha. Amaopa kuti akanena kuti mwana amasuta, nkhani ifika kupolisi. Amayamba kwa asing'anga, kenaka kumapemphero a kuphiri, kuchipatala amafika mwana atavula kale zovala pamsewu.

Ras_Kaning'ina
Asisi anamwino, mwanena bwino. Ife a Rasta sitipatsa mwana fodya. Kwa ife ndi chopatulika, si choseweretsa. Koma mundiyankhe: mu wodi yanu, ogonekedwa chifukwa cha kachasu ndi tima botolo ta mowa waukali tija ndi angati? Mowa umenewo ukugulitsidwa masana pa depoti, wogulitsa ali ndi laisensi ya khonsolo.

Namwino_wa_Usiku
Ndi ambiri, sindikana. Ovulala pangozi, omenyana, a chiwindi. Koma kuipa kwa kachasu sikuyeretsa chamba a Ras. Ambiri mwa anyamata amene timalandira amaphatikiza zonse ziwiri.

Mlimi_wa_ku_Mpherembe
Ine ndilankhuleko ngati mlimi, poti a m'tauni mukuyang'ana kosuta kokha.

Ndalima fodya wa bale kuyambira ndili mnyamata. Nazale, kuwokera, feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, kuphukira, kuthyola, kusoka, chigafa, kusankha magiredi, kudinda, kulipira thiransipoti mpaka ku okushoni ku Mzuzu kuno. Ukafika belo alibweza, kapena aligula pamtengo woti ukachotsa ngongole utsala ndi ya basi yobwerera. Ndiye itamveka nkhani ya chamba mu 2020 tinati Mulungu watikumbukira. Ku Lilongwe amati mbewu iyi ilowa m'malo mwa fodya pobweretsa ndalama zakunja.

Titafunsa mtengo wa laisensi, manja m'khosi. Nthawi imeneyo ya chamba cha mankhwala inali 10,000 dolazi, ya cha m'mafakitale 2,000 dolazi. Madolazi abale, osati makwacha. Anatiuza kuti pangani kopaletivi. Tinapanga. Kunabwera kampani ina, sinditchula dzina, anthu ovala masuti, anati sonkhani ndalama za maphunziro, za kulembetsa, za mbewu yochokera kunja, msika tili nawo kale. Ine ndinagulitsa ng'ombe. Anzathu ena anatenga ngongole ku banki m'khonde. Mbewu inabwera mochedwa, ina sinamere, yomwe inamera titakolola wogula sanaoneke. Foni kuimba, imangolira.

Pomwe mnzanga wina wa kumapiri, amene amalima chathu chamakolo mobisa, alibe laisensi, alibe masuti, alibe maphunziro a mu holo. Mbewu amasunga yekha. Ogula amamupeza komweko usiku, ndalama pamanja. Wamanga nyumba ya malata, ana ali ku sekondale. Ine wotsata lamulo ndatsala ndi khola lopanda ng'ombe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mundiuze, mwana wanga akaona zimenezi aphunzirapo chiyani?

Kabaza_Zigwagwa
Adada mwalasa. Ife tikanyamula chikwama cha munthu sitifunsa muli chiyani, koma fungo limanena lokha.

Mvano_Katawa
Nyumba ya malata yomangidwa ndi misozi ya amayi anzanu.

Mlimi_wa_ku_Mpherembe
Mama, sindikumuyamikira. Ndikungonena zomwe zili kumudzi. Fodya wa bale amene ndimalima ine nayenso akupha anthu ndi khansa kunja uko, koma palibe amene ananditchulapo chigawenga. Boma limanditcha mlimi wodalirika.

Mphunzitsi_Zolozolo
Kodi paja Mike Tyson, wankhonya wa ku America uja, anathera kuti? Mu 2021 nduna ya zaulimi, a Lobin Lowe, anamulembera kalata kuti akhale kazembe wa chamba cha Malawi. Tinamva kuti wavomera, mabungwe ena anakwiya chifukwa cha mbiri yake ya kundende. Ine ndinakonzeka kukamuona pa Mzuzu Stadium.

Chibavi_Boy
Akudikira msewu wa M1 uthe kaye kkkk

Kabaza_Zigwagwa
Akabwera ndimunyamula ine kuchoka pa Katoto mpaka ku Luwinga. Koma mtengo ndi wa lero, mafuta akwera.

Chibavi_Boy
Inu a kabaza mafuta akakwera mumakweza, akatsika mumakhala ngati simunamve.

Kabaza_Zigwagwa
Anatsikapo liti? Tagonapo pa filing'i siteshoni iwe, udziwe.

Woyang'anira_Gulu
Abale, za mafuta zili ndi ulusi wake. Tibwerere kwa mayi a ku Chiputula.

Mphwanu_ku_Tilburg
Moni a kwathu. Ine ndinakulira ku Chibanja, pano ndili ku Netherlands, ndimagwira ntchito mosungira katundu. Ndawerenga zonse ndipo ndikufuna ndikonzeko chinthu chimodzi, chifukwa anthu akamakangana za chamba amakonda kunena kuti "ku Holland n'chololedwa". Sizili choncho kwenikweni, ndipo zomwe zili kuno zikufanana ndi zathu kuposa mmene mungaganizire.

Mu 1976 anasintha lamulo lawo n'kugawa mankhwala ozunguza bongo pawiri: oopsa kwambiri monga heroin ndi cocaine mbali imodzi, chamba mbali ina. Maganizo awo anali oti mnyamata wofuna chamba asakachigule kwa munthu yemwe akugulitsanso heroin. Ndiye pali mashopu amene amawatcha coffeeshop. Papepala kugulitsa chamba ndi mlandu mpaka lero, koma boma linati sitikuzengani mukatsata izi: osagulitsa kwa wosakwana zaka 18, osapitirira magalamu 5 kwa munthu mmodzi, osasunga oposa magalamu 500 mushopu, osatsatsa malonda, osasokoneza anthu oyandikana nawo.

Vuto lili apa. Khomo lakutsogolo analitsegula, lakuseri analisiya chitsekere. Shopu ikhoza kugulitsa, koma wolima chamba chimene shopuyo ikugulitsa ndi wolakwa. Ndiye chimachokera kuti? Kwa zigawenga. Chigawo chimene ndimakhala ine, Noord-Brabant, chinatchuka ndi zimenezi. Anthu amachita lendi nyumba, n'kudzaza chipinda cha kudenga ndi mbewu, magetsi amphamvu oyaka usana ndi usiku, ndipo magetsiwo amaba polumikiza mawaya mozemba mita. Nyumba zina zimapsa. Nthawi ya chisanu apolisi amayang'ana denga lomwe chipale chofewa chasungunuka ndi kutentha kwa magetsi aja pomwe madenga ena onse ali mbuu. Akapeza, meya ali ndi mphamvu yotseka nyumbayo kwa miyezi, mwini nyumba lendi osalandira. Mayi a ku Chiputula, anzanu a kuno amalira ngati inu.

Ndipo amene amagwidwa kawirikawiri si bwana. Ndi munthu wa ngongole amene anamunyengerera kuti tibwereke chipinda chako, tizikupatsa kangachepe.

Atatopa nazo, mu Disembala 2023 anayamba kuyesa njira ina ku Breda ndi kuno ku Tilburg: alimi ochepa opatsidwa chilolezo azilima poyera, chamba chiziyezedwa, chizipita kumashopu chili m'paketi yolembedwa mphamvu yake. Panopa matauni 10 ali m'ndondomekoyi. Zawatengera zaka pafupifupi 50 kuti avomereze kuti sungalole kugulitsa chinthu n'kumamanga wochilima.

Kwathu tinachita zomwezo mozondoka. Tinatsegulira wa madolazi kuti alime, wosuta ndi mlimi wamng'ono tinawasiya kunja. Msika wa usiku uli pomwepo, sunasunthe.

Mphunzitsi_Zolozolo
Achimwene a ku Tilburg, zikomo, izi sindimazidziwa. Koma musaiwale kuti kumeneko akati zaka 18, pakhomo pamakhala munthu woona chiphaso. Kuno mwana wa Sitandade 7 amatumidwa kukagula kachasu ndipo amabwera naye. Lamulo loletsa mowa wa m'masacheti lilipo, koma anangousamutsira m'tima botolo. Ndani adzayang'anira shopu ya chamba ku Mchengautuwa? Ine ndimaphunzitsa, ndikudziwa fungo limene limachokera kuseri kwa zimbudzi za anyamata nthawi ya buleki. Panopa mwana amabisa chifukwa akuopa. Mukachotsa mantha amenewo mwanditsalira chiyani ine mphunzitsi?

Mphwanu_ku_Tilburg
Funso lanu ndi lolemera aphunzitsi, ndipo sindinena kuti tikopere za kuno. Koma onani zomwe mwanena nokha: fungo lilipo kale kuseri kwa zimbudzi, lamulo loletsa lili chilili. Wogulitsa wa panopa safunsa zaka chifukwa kwa iye kugulitsa kwa mwana ndi kwa wamkulu mlandu wake ndi umodzi.

Mphunzitsi_Zolozolo
Ndipo wa kachasu amene ali ndi chilolezo amafunsa?

Mphwanu_ku_Tilburg
Safunsa. Pamenepo mwandigwira.

Wa_ku_Joni_Mzimba
Kuno ku South Africa khoti lalikulu la malamulo linagamula mu Seputembala 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kusuta kunyumba kwake, ndipo mu 2024 pulezidenti anasaina lamulo lake. Kugulitsa n'koletsedwabe. Koma pitani ku Johannesburg muone, amagulitsa ngati tomato. Ndipo akamva kuti ndiwe Mmalawi funso loyamba ndi "Malawi Gold uli nayo?" Dzina lathu likudyetsa anthu ena. Lesotho anayamba kupereka malaisensi mu 2017, Zimbabwe 2018, ife tinabwera mochedwa n'kuyambanso ndi mbewu ya eni ake m'malo mwa yathu yomwe dziko lonse likuidziwa.

Kalaliki_wa_Maloya
Pa mbewu yathuyo, mu Malichi 2024 aphungu anavomereza bilu ya a Peter Dimba yofuna kuti chamba chathu chamakolo chizilimidwanso mwa chilolezo. Nkhani yonseyi anaiyambitsa kale a Boniface Kadzamira ali phungu wa ku Ntchisi, anzawo m'nyumbamo akuwaseka. Koma chonde, anyamata a pagulu pano, mawu ofunika ndi "mwa chilolezo". Ndikuganiza kuti mnyamata wa ku Chiputula uja anamva nkhani ya 2024 pa wailesi n'kuganiza kuti zatheka. Palibe bilu imene inati dzala kuseri kwa nyumba ya lendi.

Ras_Kaning'ina
A Kalaliki, poti mumadziwa mafayilo, tiuzeni za 2022. Mnyamata wa ku Blantyre uja anagamulidwa zaka 8 atapezeka ndi chamba. Nthawi yomweyo bwana wa kampani ina yaikulu, wochokera kunja, anapezeka akulima kunyumba kwake, analipira chindapusa n'kukagona pa bedi lake. Achinyamata anachita kuyenda pamsewu kuti khoti lalikulu liunikenso. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinama?

Kalaliki_wa_Maloya
Simukunama, ndipo khoti lalikulu linachepetsadi chilango cha mnyamatayo. Maloya angakuuzeni kuti kuchuluka kwa chamba pa milandu iwiriyo kunali kosiyana, ndipo khoti limayang'ana zimenezo. Koma chimene ndimaona ine pa ntchito ndi ichi: wokhala ndi loya amapempha belo, amapempha chindapusa, amadziwa nthawi yoyankhula ndi yokhala chete. Wopanda loya amavomera mlandu tsiku loyamba poganiza kuti amukhululukira, n'kupezeka ali kundende ya Mzuzu yomwe ndi yodzaza kale. Akatuluka ali ndi mbiri ya mlandu, ntchito ya boma aiwale.

Mvano_Katawa
Ndiye mukufuna chiyani? Tiwasiye?

Namwino_wa_Usiku
Ine ndinganene zanga mama. Wogulitsa kwa ana amangidwe, pamenepo sindinyengerera. Koma mnyamata wopezeka ndi ndudu imodzi kumutsekera pamodzi ndi akuba ndi achiwembu, amatuluka ataphunzira zoposa zomwe analowa nazo. Ku Portugal kuyambira 2001 wopezeka ndi mankhwala ochepa oti agwiritse yekha samutengera kukhoti la milandu, amakaonekera ku kagulu komwe kumakhala a zaumoyo ndi a zachisamaliro cha anthu. Mankhwalawo ndi oletsedwabe, koma munthuyo amamuona ngati wofunika thandizo. Mwana wanu anachira chifukwa munapita naye kuchipatala. Akanayamba kugwidwa ndi apolisi, sindikudziwa ngati lero akanakhala pa shopu ya amalume ake.

Mvano_Katawa
Mwina. Koma ku Portugal zipatala zilipo. Kuno chigawo chonse cha kumpoto tikudalira malo amodzi, apo ayi ulendo wa ku Zomba. Muyambe mwamanga zipatalazo, kenaka mudzandiuze zofewetsa lamulo.

Namwino_wa_Usiku
Pamenepo tili limodzi.

Msodzi_wa_ku_Usisya
Ndawerenga mwakachetechete koma pali chimodzi palibe wanena. Chamba chobisa chimalimidwa kuti? M'nkhalango. Munthu sangadzale pamsewu, ndiye amalowa mkati mwa phiri, kugwetsa mitengo, kutentha, kudzala. Chaka chamawa akaona kuti malo adziwika amasamukira pena n'kugwetsanso. Kumapiri a ku Nkhata Bay ndi Nkhotakota zimenezi zilipo. Mvula ikagwa dothi lonse limatsikira m'mitsinje mpaka kunyanja kwathu. Achikhala kuti amalima poyera ngati chinangwa, bwenzi akulima munda umodzi chaka ndi chaka.

Mlimi_wa_ku_Mpherembe
Zoona, ngakhale ife a fodya pa mitengo tilibe pakamwa. Zigafa zathu zadya nkhalango zambiri.

Koma ndifunseko a ku Tilburg. Alimi opatsidwa chilolezo kumenekowo ndi anthu ngati ine, kapena ndi makampani?

Mphwanu_ku_Tilburg
Makampani adada. Nyumba zikuluzikulu zagalasi, makamera, alonda, ndalama zoyambira zoti ine ndi inu sitingazione. Ku Canada, komwe anavomereza kusuta mu 2018, nakonso amene analowa ndi mphamvu ndi makampani akuluakulu.

Mlimi_wa_ku_Mpherembe
Basi ndamva. Ndiye kuti ngakhale atavomereza mawa, mnzanga wa kumapiri uja adzamulanda msika ndi a masuti omwe aja, iye n'kukhala waganyu pa esiteti yawo. Panopa chimene chikumupatsa mtengo wabwino ndi kuletsedwa komweko. Wogula amalipira mantha. Zikadzakhala zololedwa adzatiuza kuti giredi yako ndi yotsika, bwerera nalo belo lako.

Ras_Kaning'ina
N'chifukwa chake ife timati lamulo liyambire kwa amene anasunga mbewuyi zaka zonsezi akuthamangitsidwa. Laisensi ikhale ya makwacha, yoti kalabu ya alimi khumi ikwanitse. Mbewu ya Malawi Gold itetezedwe ngati chuma cha dziko, asabwere wina kuitenga n'kudzatigulitsanso m'paketi. Tinamenya nkhondo ya ana athu a madiredi mpaka khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu 2023 kuti aziloledwa m'sukulu za boma. Iyinso tidzaimenya.

Mphunzitsi_Zolozolo
Ana a madiredi ndili nawo m'kalasi, ndi ana abwinobwino, wina ndi amene amatsogola pa masamu. Koma tsitsi silinapengetsepo munthu a Ras. Nkhani ziwirizi musaziphatikize.

Mayi_wa_ku_Chiputula
Abale, zikomo nonse. Ndinaitana mchimwene wanga ndi a tcheyamani a m'dera lathu, takhala naye pansi mnyamatayo madzulo ano. Ndinamuwerengera zimene analemba a Kalaliki. Poyamba amalimbalimba, koma atamva za zaka 25 anangoti kukamwa yasa. Wazula yekha ife tikuona. Akuti sagulitsa, amasuta kuti asamve kuzizira akamayenda usiku. Kupolisi sindipita, koma ndamuuza kuti ndikadzaonanso ngakhale kambewu kamodzi, atenge katundu wake. A Namwino, ndingamuuze kuti apite kuti akafuna kusiya?

Namwino_wa_Usiku
Ku St John of God amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi chamba, ndipo safunika kudikira kuti adwale kaye. Akhozanso kuyambira pa chipatala chaching'ono chapafupi, amulembera kalata. Koma chimene chandiopsa ine ndi china: akusuta kenaka n'kukwera njinga atanyamula munthu? Chamba chimachedwetsa maganizo, galimoto ikatulukira mwadzidzidzi dzanja limafika pa buleki mochedwa. Ovulala pa njinga zamoto ndi amene akutidzazira mawodi.

Kabaza_Zigwagwa
Asisi musatiipitsire bizinesi, si tonse. Enafe kuzizira timathana nako ndi jekete ziwiri ndi tiyi wa pa depoti.

Chibavi_Boy
Ndiye mitengo yozulidwayo mwaitaya kuti mama? Ndikufunsira mnzanga.

Mayi_wa_ku_Chiputula
M'chimbudzi chokumba mwana iwe. Kautenge.

Mvano_Katawa
Mwachita bwino osautentha, mudzi wonse ukanaledzera.

Dalaivala_M5
Ndachedwa kulowa. Ine ndimayendetsa lole njira ya kunyanja, Mzuzu, Nkhata Bay, Dwangwa mpaka Salima. Zoti chamba chimayenda usiku m'matumba a makala, a usipa, pansi pa nthochi, aliyense wa pamsewu amadziwa. Chimene ndimadabwa n'choti pa wailesi timamva za mayi wogwidwa ndi kachikwama m'minibasi, koma mwini katundu wodzaza lole sitimumva dzina. Amagwidwa ndi dalaivala ndi wothandizira wake, anthu olipidwa pa ulendo. Ine bwana wina anandipempha kuti ndimunyamulire "matumba a chimanga" pamtengo woposa malipiro anga a mwezi. Chimanga chanji chokwera mtengo chonchi? Ndinakana, ndipo anapeza wina tsiku lomwelo.

Kalaliki_wa_Maloya
Munachita bwino. Kukhoti mawu oti "sindimadziwa zomwe zinali m'matumba" majisitireti anawamva kambirimbiri, ndipo galimoto nayo imatha kugwidwa.

Woyang'anira_Gulu
Ndafufuta mauthenga awiri, wina amafunsa komwe angapeze mbewu, wina anaika nambala ya foni. Kukambirana za lamulo ndi kololedwa pano, malonda ayi. Wobwereza ndimutulutsa.

Chibavi_Boy
Sindine a Woyang'anira, ine ndinangofunsa za chimbudzi.

Mlimi_wa_ku_Mpherembe
A Kalaliki, musanagone. Ndalama zathu za kopaletivi zija, malisiti tinasunga onse. Pali njira yozitsatira kapena tingoiwala?

Kalaliki_wa_Maloya
Musaiwale adada. Sonkhanitsani malisiti, mgwirizano umene munasainirana ngati ulipo, ndi mayina a mamembala onse amene anasonkha. Pitani nazo ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu osakwanitsa kulipira loya, ofesi yawo ilipo ku Mzuzu kuno, ndipo mupite ngati gulu, osati mmodzimmodzi. Musachedwe nazo, milandu ya ndalama ili ndi nthawi yake yoti ikadutsa khoti sililandiranso.